Soseji yowola yadwalitsa ana, mwini buchale akuti palibe chimene ndingamuchite. Lamulo likuti chani?

Amake Tiya wa ku Mchini

Abale muli bwanji nonse. Pepani nkhani yanga italikako koma mtima ukali kuwawa. Pa Chiwelu mwana wanga woyamba anakwanitsa zaka 7 ndiye ndinati ndimuchitireko kaphwando kochepa chabe, iye ndi ang'ono ake awiri ndi ana atatu a aneba. Ndinapita pa buchale ina yake kuno kwathu, dzina sinditchula, ndinagula soseji makilo awiri. Potsegula pulasitiki kunyumba inali kununkhako pang'ono komanso pogwira inali yoterera ngati therere, koma ine ndi kupusa kwanga ndinati mwina ni zokometsera zimene amaikamo, ndinatsuka ndikukazinga mpaka kuuma gwa. Ana anadya cha kuma 17 ndi machipisi, anasangalala, anavina, aliyense kwawo.

Cha kuma 21 kamng'ono kanga ka zaka 3 kanayamba kusanza, posapita nthawi mkulu wake nayenso, kenako aneba kugogoda pachitseko kuti mwawapatsa chani ana anga. Mwa ana 6 anadwala ni 4, awiri amene sanadwalewo ni amene anangodya machipisi ndi keke. Kamng'onoko mpaka tinakagona nako ku kiliniki anakaika diripu, lomba kali bwino kakusewera koma usiku umene uja sindizauiwala.

Pa Mande ndinabwerera pa buchale paja mwaulemu, sindinapite kukachita ndeu iyayi. Bamboyo anangondilozera pepala limene anamata pakhoma lakuti katundu ukagula sabweza, ati malaiti si ine ndimazimitsa, ati umboni uli kuti kuti ni soseji yanga, mwina ni madzi a kunyumba kwanu. Olo pepani sanakambe. Ndipo firiji yomweyo inali ikali yodzala, anthu akugula ine ndili chiimire.

Manje funso langa ni ili. Kodi munthu wogulitsa chakudya chowola lamulo la muno mu Zambia limamuchita chani, angamangidwe kapena ni kulipira chabe? Ndiyambire kupolisi kapena ku kanselo? Risiti sanandipatse koma ndinalipira pa foni, meseji ilipo. Theka la soseji ija yosaphika ikali mufiriji ya aneba. Amuna anga akuti ndizisiye chifukwa bamboyo timapemphera naye mpingo umodzi ndipo ni mkulu wa mpingo, koma ine ndikaganiza kuti mwana wa munthu wina akudya zomwezo lero sindikupeza tulo.

Wazaumoyo Wopuma

Amake Tiya, choyamba tiyamike kuti mwana ali bwino. Ine ndinagwira nchito yoyendera malo ogulitsira zakudya zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzani mmene zimayendera.

Soseji yotsalayo musataye ndipo musaitsukenso, isiyeni mu pulasitiki yake momwemo ili youma ndi aisi. Meseji ya ndalama musafufute. Kadi kapena kabuku ka ku kiliniki kamene analembamo za mwana sungani, ndi ka ana a aneba ngati nawo anapita. Lembani papepala nthawi imene munagula, nthawi imene anadya ndi nthawi imene anayamba kusanza, chifukwa pakapita sabata mutu umasakaniza.

Koyambira si kupolisi. Apolisi mukawapezera nyama yonunkha azakutumizani kwa ife ndithu, chifukwa amene ali ndi mphamvu yolowa mu buchale, kutsegula firiji ndi kunena kuti ichi sichoyenera kudyedwa ndi munthu ni mainisipekita a zaumoyo. Pitani ku Chipata City Council mukafunse ofesi ya public health, mukanene kuti mwabwera kuzapereka dandaulo la chakudya. Mphamvu zawo zimachokera mu Public Health Act, imene timaitcha Cap 295, komanso mu Food Safety Act ya 2019 imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la Food and Drugs Act limene ife tinakulira nalo panchito. Lamuloli limaletsa kugulitsa chakudya chimene chili ndi poizoni kapena chinthu chovulaza, chowola, chovunda, chochokera ku nyama yodwala, chosakanizidwa ndi zinthu zosayenera, komanso kukonzera kapena kusungira chakudya chogulitsa pamalo auve. Inisipekita angalowe, angatenge zitsanzo, angalande katundu yense wokayikitsa ndikukamuwononga, malo angatsekedwe mpaka atakonza, ndipo nkhani ingapite kwa majisitireti komwe kuli faindi, jele kapena zonse ziwiri.

Tsopano mvetsetsani apa chifukwa ni pamene anthu ambiri amagwera mphwayi. Bamboyo akuti umboni uli kuti kuti soseji yake ndiyo inadwalitsa ana. Kunena zoona kutsimikizira chimenecho nkovuta, pamafunika kupima chakudya ku labu ya boma ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, komanso kupima chimbudzi kapena masanzi a wodwala nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri pofika poti munthu akadandaule zonsezo zinapita kale. Koma inisipekita safunika kudikira zimenezo. Kungopezeka ndi nyama yowola uli kuigulitsa ni mlandu pawokha, olo pasakhale munthu amene wadwala. Ndiye chimene chingamugwire bamboyo si theka lanu lija kwenikweni, ni zimene zili mufiriji yake lero. Nchifukwa chake ndikuti pitani mawa m'mawa, ndipo musakamuopseze kuti ndikupita ku kanselo, mukatero azasesa firiji usiku, katundu azamugulitsa motchipa kwa anyamata ootcha pamseu ndipo obwera azapeza poyera ngati mbale ya mlendo.

Pa zimene mwafotokoza, kudya cha kuma 17 kusanza cha kuma 21, zikufanana ndi poizoni amene tizilombo tina timasiya mu nyama ikakhala nthawi yaitali pofunda. Ameneyo amagwira msanga, pakati pa ola limodzi ndi maola 6, ndipo choipa chake ngakhale mukazinge bwanji tizilombo timafa koma poizoniyo amatsala. Tina monga salmonella timachedwa, tingatenge tsiku kapena masiku awiri atatu. Choncho musadzimenye kwambiri kuti mwina simunaphike bwino, moto sukanathandiza. Cholakwa chanu chinali kusakhulupirira mphuno yanu basi.

Nkhani ya malaiti ndimaimva tsiku ndi tsiku. Inde mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinavutika tonse, malaiti kupita pafupifupi tsiku lonse. Koma nyama imene yasungunuka, kuuma, kusungunukanso, kuumanso, lamulo silifunsa kuti anazimitsa ndani. Woika pa sikelo ndiye woyankha. Amene ali ndi nzeru anagula jenereta kapena sola, ena anachepetsa katundu nkumaoda wa tsiku limodzi.

Akafika sazayang'ana firiji yokha. Azafunsa laisensi, azafunsa masatifiketi a kuchipatala a onse ogwira chakudya amene amayenera kupimidwa miyezi 6 iliyonse, azayang'ana ngati nyama ili ndi chidindo chosonyeza kuti inapimidwa kophera, madzi, chimbudzi, ntchentche. Buchale zambiri zimagwera pamenepo.

Chomaliza, dzina lake musaliike pa Facebook pakali pano olo mtima uwawe bwanji. Akhoza kukutembenukirani kuti mwamuipitsira mbiri, inu odandaula nkusanduka oyankha mlandu.

Kantemba_Kapata

Amama pepani za mwana, uyo wa buchale analakwa maningi maka pokana olo kupepesa. Koma naine nikambeko mbali ya ise ogulitsa ndaba apa tizangotukwanidwa tonse monga ndise mfiti. Ine nili na kantemba, nigulitsa madirinki, mabisiketi, sopo, mafuta opima, vinthu va so. Chaka chatha ninapita ku holoselo ina mu tauni, mwini wake ananiitana yeka ati mwana wanga tenga makesi aya a juwisi pa hafu mtengo nifuna malo, ine kuona mtengo mutu unazungulira ninatenga makesi 5 osayang'ana deti. Kufika ku kantemba nipeza yatsala masabata awiri kuti iekisipaye. Manje pa kantemba monga kanga makesi 5 amatha miyezi iwiri. Nibwerere ku holoselo ati tinagulitsana kale. Ndiye munthu uchite bwanji, ndalama ya oda yonse ili mmenemo, lendi ikudikira, ana afuna va kusukulu.

Sinizanama, ninapitiliza kugulitsa. Tsiku lina anabwera maofisala oyendera mashopu, anatenga makesi atatu amene anatsala, ananilembera pepala, ninasaina, vinakatayidwa, ninalipilako na faindi. Sinikuti ananilakwira iyayi, deti inali itapita zoona. Koma chimene chimanibaba nichakuti wa holoselo uja amene anaziba bwino bwino chimene anali kuchita anagona tulo twabwino, katundu wake woola anamugulitsa kwa ine, ndalama anaika mthumba, ndipo chikwapu chinagwa pa ine wa kumapeto. Fisi akadya mbuzi amene amapezeka na magazi kukamwa ni kagalu konyambita.

Ndipo muzibe kuti kuli ena ochenjera kupambana apo, amafufuta deti na sipiriti nakudindapo ina, ena amamata stika ya mtengo pamwamba penipeni pa deti. Vina vimalowa na njinga kupitila mu tunjira twa kumbali osati pa boda ya Mwami, vilibe olo dzina ya kampani, anthu amagula ndaba ni votchipa. Apa lomba ine nikapita kooda nimayamba kutembenuza botolo kuyang'ana pansi, anyamata a mu holoselo amaniseka ati abwera a inisipekita kkkk, koma ninaphunzira na ndalama yanga.

Mwana wa Malamulo

Amake Tiya, ine ndine mwana kwa inu ndipo sindine loya, ndikali pasukulu ya zamalamulo, koma ndiwonjezereko pa zimene atate a zaumoyo anena makamaka pa funso lanu loti angamangidwe kapena ayi.

Yankho ni inde angamangidwe, koma kawirikawiri sizifika pamenepo. Malamulo okhudza nkhaniyi ni angapo ndipo amalumikizana. Kupatula awiri atchulidwa aja pali Competition and Consumer Protection Act ya 2010, imene imayendetsedwa ndi a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo ofesi yawo ku Chipata kuno ilipo. Pepala lija anakulozerani pakhoma lakuti katundu ukagula sabweza, lamulo limeneli limaletsa kumata chikwangwani chotero chifukwa chimalanda wogula ufulu umene ali nawo kale, ndipo shopu ingalipitsidwe mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene imagulitsa pachaka. Osati phindu, koma zonse zolowa. Ndiye bamboyo pokulozerani pepala lija anali kukulozerani mlandu wake wachiwiri. Mukapeza mpata lijambuleni. Lamulo lomweli limafuna kuti katundu wa m'paketi akhale ndi lebo yoonetsa dzina lake, zimene zilimo, tsiku lopangidwa, tsiku lothera ndi amene anapanga, komanso mmene linalembedwera mu 2010 limati wogulitsa katundu wosafika pa muyezo wa chitetezo wokakamizidwa angalipe mpaka ma penalty unit 500,000 kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5 kapena zonse.

Ma penalty unit amenewa ambiri amawasokoneza. Malamulo athu salemba faindi mu kwacha chifukwa kwacha imatsika mphamvu, amalemba mu mayuniti, ndiye boma limangosintha mtengo wa yuniti imodzi. Inali 30 ngwee, mu 2024 inakwera kufika 40 ngwee. Ndiye 500,000 ija pa 40 ngwee ni K200,000. Koma onani liwu lakuti mpaka, limenelo ni denga chabe. Majisitireti amayang'ana ngati munthu ni koyamba, ngati wavomera mlandu osataitsa khoti nthawi, kuchuluka kwa katundu, ngati wina anavulala. Nchifukwa chake ambiri zimathera pa kulandidwa katundu ndi faindi monga anakambira a Kantemba, kapena kutsekeredwa masiku angapo.

Palinso a ZCSA, a bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, iwo amayang'ana katundu wa m'mafakitale ndi wolowa pa boda amene ali pa mndandanda wa miyezo yokakamiza. Ndipo mu Penal Code namonso muli mlandu wosakaniza zoipa mu chakudya kapena chakumwa chogulitsa ndi wogulitsa chinthu chimene ukudziwa kuti nchovulaza. Mulungu atalikitse, koma mwana uja akanatisiya nkhani ikanakhala ina, apolisi akanalowapo ndipo kupha munthu mosasamala ni mlandu wa ku High Court umene ungafike pa ndende ya moyo wonse.

Chimene ndikufuna musadabwe nacho ni ichi, faindi imapita ku boma osati kwa inu. A CCPC angathandize kuti akubwezereni ndalama ya soseji. Koma za thiransipoti ya usiku, mankhwala ndi kuvutika kwa mwana, zimenezo ni mlandu wanu panokha wokasuma kuti akulipeni, ndipo kumeneko ndiye kumene umboni wa ku kiliniki umafunika kwambiri. Ngati mulibe ya loya kafunseni kwa a Legal Aid Board. Ine ndikanakhala inu ndikanayesa kaye kulemera kwa ndalama imene munataya ndi masiku amene muzataye pa khoti.

A Kantemba, inunso munali ndi poyambira. Lamulo silinena kuti wogulitsa ni wa kantemba yekha, wa holoselo naye ni wogulitsa. Mukanakhala ndi risiti ya makesi aja mukanawaonetsa maofisala kumene anachokera.

Kantemba_Kapata

Risiti yake iti mwana wa malamulo iwe, katundu wa hafu mtengo amalemba risiti? kkkkk anangoniwerengera pa kalikuleta basi. Koma wakamba zoona, apa nimaitenga olo ya machesi.

NaPhiri wa ku Kalongwezi

Ine changa nchimodzi chabe kwa amuna anu Amake Tiya. Ukulu wa mpingo ndiye ukanamupangitsa kuyamba iye kubwera kunyumba kuzaona mwana. Mwanayo akanapita bwenzi ali patsogolo ndi buku la nyimbo pamaliro. Pitani mukanene, mukasiya ndiye kuti tonse ogula kumeneko mwatigulitsa.

Aphunzitsi Akale, Katete

Ana anga, ine ndilemba monga tinaphunzilila kusukulu, mundikhululukile. Nkhani yanu ya m'tauni ndaimva, kumeneko kuli maofesi oti munthu angapiteko ndi miyendo. Bwelani kuno kumidzi muone. Nkhumba ikayamba kudwala mwini wake sacedwa, amaipha usiku, m'mawa ili pa njinga, masana ili pa mseu yowocha ndipo anthu akudya ndi tsabola. Ng'ombe ikafa yokha amati Mulungu wapatsa ndiwo, amagawana pa ngongole yolipila pokolola. Ndani anaipima? Palibe.

Za masese mu nyama ya nkhumba tonse timazidziwa, tumatuza toyela tuja tooneka ngati mpunga. Ogula ocenjela amayang'ana pansi pa lilime nkhumba ikali yamoyo, akapeza masese amatsitsa mtengo, koma nyamayo satayidwa iai, imagulitsidwa ndithu kwa osadziwa. Munthu akadya yosapsa bwino amakhala ndi njoka yaitali m'mimba, mazila ake amatuluka ndi cimbudzi, ndipo mazilawo akalowa mwa munthu kupyolela m'madzi kapena m'manja osasamba angakafike ku ubongo nkuyambitsa khunyu. Ife timathamangila kwa ng'anga kuti mwana walodzedwa. Ndaphunzitsa ana angapo amene anasiya sukulu cifukwa ca kugwa, ndipo mpaka lelo ndimadzifunsa.

Amene akuti nyama ya cinyama cofa cokha ilibe kanthu akumbukile za ku Chama mu 2011, pamene mvuu zinafa mu Luangwa ndi matenda a anthrax anthu nkumakatapa nyama, anadwala anthu mazanamazana ndipo ena anamwalila. Ndipo cigodola ca nkhumba, ngakhale sicigwila munthu, ndico cifukwa cake nkhumba za kuno kum'mawa amaziletsa kuoloka pa mlatho wa Luangwa. Lamulo limakhala maso kwambili poteteza nkhumba za ku Lusaka, ndikanakonda likanakhalanso maso cimodzimodzi pa mbale ya mwana wa ku Kagoro.

Cina ndi nsawa. Ife a kum'mawa timanyada nazo, koma ndani sadziwa kuti ena amazinyika m'madzi kuti zisavute kuswa ndiponso kuti zilemele pa sikelo? Zikalowa m'thumba zili zonyowa zimacita cuku, ndipo cuku cimeneco ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga ciwindi pang'onopang'ono. Zabwino amagulitsa, zofota ndi zowawa zija ndizo amasinja ciponde ndi nsinjilo za ana. Mu 2024 nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi poizoni yemweyu wa m'cimanga, ndipo ufa wa makampani ena unacotsedwa pa msika. Dziko lonse linanjenjemela cifukwa zinali pa wailesi. Koma za m'nkhokwe zathu palibe amazipima.

Za zakumwa ndisayambe nkomwe. Tujilijili, tumapaketi tuja twa mowa waukali, analetsa mu 2012 nthawi imene a Nkandu Luo anali nduna yoona za makanselo, tinaombela m'manja, koma kacasu akali kuchezedwa kuseli kwa nyumba ndipo ena amathilamo zinthu zoti aukali, fetelaiza ndi zina, mnyamata wa zaka 25 nkuoneka ngati agogo ake. Kuno nkhani zotele zimathela kwa anyakwawa, wolakwa alipa nkhuku kapena mbuzi, anthu agwilana canza. Sindinyoza bwalo la mafumu, limasunga mtendele, koma mbuzi siibweza ciwindi ca munthu. Pa kiliniki iliyonse ya kumudzi pamayenela kukhala wa zaumoyo woyang'anila za ukhondo, ameneyo ndiye inisipekita wathu, koma anthu amamudziwa pa nkhani ya zimbudzi ndi katemela cabe.

Amake Tiya, pitani. Inu muli ndi mwai woti ofesi ili pafupi.

Wazaumoyo Wopuma

Aphunzitsi mwakamba zoona zokhazokha, ndipo wa zaumoyo wa pa kiliniki amene mwatchulayo mphamvu zolanda nyama yoipa ali nazo, vuto amakhala mmodzi midzi yambirimbiri, komanso amene akamulande nyama ni yemwe azakumane naye pa chigayo mawa. Nthawi imene lamulo limaluma kwenikweni ni ya kolera. Kumbukirani kumapeto kwa 2017 kulowa 2018 ku Lusaka mpaka asilikali analowa m'misewu kuchotsa ogulitsa, misika ndi malo odyera kutsekedwa, komanso mu 2024 masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February. Mliri ukangotha tonse timabwerera ku zakale, ogulitsa ndi ogula omwe.

A Kantemba ndikuthandizeniko pa madeti. Pakalembedwa best before ndiye kuti likapita tsikulo kukoma ndi ubwino wake zimayamba kutsika, pakalembedwa use by kapena expiry ndiye kuti likapita osadya nkomwe. Koma inu monga wogulitsa musadalire kusiyana kumeneko, deti ikapita chotsani pa shelefu. Ndipo chitini chikatupa kapena kuchita dzimbiri pa msoko, olo deti ikhale ya chaka chamawa, tayani, poizoni wa m'chitini chotupa amapha.

Amake Tiya wa ku Mchini

Zikomo nonse, ndabwera kuzakuuzani mmene zayendera. Ndinapita pa Chitatu m'mawa ndi aneba aja, amuna anga sanafune kundiperekeza koma sanandiletsenso, anangoti uzayankha wekha kwa abusa. Tinanyamula soseji mu kabaketi ndi aisi, makadi a ku kiliniki ndi foni. Anatilandira bwino, analemba zonse, anafunsa maola monga munanenera atate a zaumoyo, mwamwayi ndinali nditalemba pa chikuto cha kope la mwana. Pepala la pakhoma lija aneba anakalijambula dzulo lake akunamizira kufunsa mtengo wa mapazi a ng'ombe kkkk.

Pa Chinayi masana mwana wa mlamu wanga amene amagulitsa tomato pafupi ndi pamenepo anandiimbira kuti bwerani muone. Sindinapite, ndinaopa kuti aziti ndabwera kuzaseka. Akuti anatulutsa mapulasitiki ambiri ndithu mufiriji, nkhuku zina zinali zitasintha mtundu, anakweza m'galimoto, ndipo buchale ni yotseka mpaka lero. Za faindi kapena ngati zipite ku khoti anandiuza kuti azandiitana ndikafunika, nambala yanga anatenga. Pepala lija akuti linachotsedwa tsiku lomwelo.

Dzulo madzulo kunabwera akazi ake a bamboyo ndi amayi awiri a chigwirizano. Anakhala pa mphasa, anapepesa, anasiya ndalama ya soseji ndi ina pamwamba ati ya mankhwala a mwana, kenako mmodzi anati koma mukanayamba kubwera ku mpingo tikanakambirana monga abale. Ine ndinayankha kuti ndinayamba kupita kwa mwini wake pa Mande anandilozera khoma. Anangoti zii. Ndalamayo ndalandira ya soseji yokha, inayo ndawauza akapatse aneba chifukwa ana awo nawo anagula mankhwala, ndipo anapempha kuti ndikachotse dandaulo, ndawauza kuti zili m'manja mwa eni ake a nchito ine sindingakawaphunzitse. Mwana wa Malamulo undiuzeko, kulandira ndalama ija sikuti ndaononga nkhani? Pa Sondo ndikupita ku tchalitchi monga mwa masiku onse, mpando wanga uli mzere wachitatu kumbuyo kwa akazi akewo.

Mwana wa Malamulo

Simunaononge amama, imeneyo ni ndalama yanu anakubwezerani. Mlandu wogulitsa zowola uli pakati pa iye ndi boma, inu ndinu mboni chabe, olo mutafuna kuuchotsa si inu woutseka. Chokhacho musasaine pepala lililonse limene angakubweretsereni musanaliwerenge, ndipo mukawauze a ku ofesi aja kuti anabwera kunyumba ndipo anasiya zingati.